Christiane Taubira: phungu wa ku Guyane amene anachititsa dziko la France kuvomereza mlandu wa ukapolo

Pa 27 Januwale 2016, mayi Christiane Taubira anapereka ofesi ya nduna ya zachilungamo kwa a Jean-Jacques Urvoas, anatsanzikana ndi ogwira ntchito amene anasonkhana pabwalo la nyumba ya undunawo ku Place Vendôme mumzinda wa Paris, kenako anakwera njinga yawo yakapalasa n'kutuluka pachipata anthu akuwaombera m'manja. Panalibe amene anawachotsa ntchito. Anachita kutula okha udindo pansi chifukwa anakana kukaimira m'Nyumba ya Malamulo ganizo la mtsogoleri wa dziko la France wa nthawiyo, a François Hollande, lofuna kulanda unzika anthu opezeka olakwa pa milandu ya uchigawenga. Tsikulo linatseka zaka pafupifupi 23 zimene mayiwa anatumikira dziko la France, zaka 19 ali phungu ndipo zotsalazo ali nduna.

Chimene chimadabwitsa pa mbiri yawo n'chakuti sanakhalepo mtsogoleri wa chipani chachikulu, komabe malamulo awiri odziwika kwambiri m'dzikolo amatchulidwa ndi dzina lawo. Mphamvu zawo zinali pakamwa ndi pa mtima woima paokha. Mtima womwewo ndi umene unawasowetsa anthu owaimira kumbuyo pamene anafuna mpando wapamwamba, ndipo kuti munthu amvetse zimenezi ayenera kuyamba wadziwa kumene anachokera ndi momwe ndale za ku France zimayendera.

Mayi Taubira anabadwa pa 2 Febuluwale 1952 ku Cayenne, likulu la Guyane. Dera limeneli lili ku South America, pakati pa Brazil ndi Suriname, ndipo si lofanana ndi dziko loima palokha la Guyana. Ngakhale lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 7,000 kuchokera ku Paris, Guyane ndi chigawo cha France kuyambira mu 1946: anthu ake ndi nzika za France, amagwiritsa ntchito ndalama ya euro, ndipo amasankha aphungu awo okakhala ku Paris. Kale kunali minda yolimidwa ndi akapolo komanso ndende zimene Afalansa ankatayako akaidi awo, ndipo lero kuli malo a ku Kourou oulutsira zombo za m'mlengalenga za maiko a ku Ulaya, moyandikana ndi midzi yaumphawi wadzaoneni. Mtsikana amene analeredwa ndi mayi ake okha m'banja la ana ambiri anakaphunzira zachuma ku Paris, ndipo atabwerera kwawo analowa m'gulu lofuna kuti Guyane ichoke m'manja mwa France. Gululo linazilala a François Mitterrand atapambana chisankho cha mtsogoleri wa dziko la France mu 1981, ndipo patapita zaka mayi Taubira pamodzi ndi amuna awo a nthawiyo, a Roland Delannon, anakhazikitsa chipani cha m'deralo chotchedwa Walwari.

Mu 1993 mayi Taubira anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Cayenne m'nyumba ya Assemblée nationale, ndipo anapambananso mu 1997, 2002 ndi 2007. Nyumba ya Malamulo ya ku France ili ndi zipinda ziwiri. Assemblée nationale ili ndi aphungu 577 osankhidwa ndi anthu, pamene Sénat ili ndi mamembala osankhidwa makamaka ndi nthumwi za makhonsolo. Ndale zake zimagawidwa pawiri: a kumanzere, amene amatsindika ufulu wa ogwira ntchito ndi udindo wa boma pothandiza osauka, ndi a kumanja, amene amatsindika msika, chitetezo ndi miyambo. Mayi Taubira amadziwika lero ngati munthu wa kumanzere, koma atangolowa m'nyumbayo anavotera kudalira boma la nduna yaikulu ya kumanja, a Édouard Balladur, ndipo chaka chotsatira analowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Ulaya pamndandanda wa a Bernard Tapie, munthu wamalonda amene pambuyo pake anamangidwa. Adani awo amakumbutsa zimenezi mpaka lero pofuna kusonyeza kuti ndi munthu wosakhazikika. Kuyambira mu 1997 nthawi zambiri ankakhala pamodzi ndi aphungu a chipani cha Socialist, ngakhale sanatenge khadi la chipanicho.

Ntchito yawo yaikulu ali phungu inali lamulo la ukapolo. Dziko la France linachita nawo malonda a akapolo kwa zaka mazana awiri, ndipo zombo zake, zambiri zochokera padoko la Nantes, zinaolotsa nyanja ya Atlantic anthu a ku Africa oposa 1 miliyoni. Lamulo la mfumu Louis XIV la 1685, lotchedwa Code noir, linkawerenga kapolo ngati katundu wa m'nyumba. Ukapolo unathetsedwa mu 1794, Napoléon Bonaparte anaubwezeretsa mu 1802, ndipo unathetsedwa kotheratu pa 27 Epulo 1848. Chipukuta misozi chimene boma linapereka pambuyo pake chinapita kwa eni akapolo, ndipo omasulidwawo sanalandire kanthu. M'masukulu a ku France nkhani imeneyi inkatchulidwa mongodutsa, makamaka potamanda mzungu amene anatsogolera ntchito yothetsa ukapolo, Victor Schœlcher. N'chifukwa chake pokumbukira zaka 150 za kuthetsedwako, pa 23 Meyi 1998, anthu masauzande ambiri ochokera kuzilumba za Caribbean ndi ku Guyane anayenda mwakachetechete m'misewu ya Paris, kufuna kuti boma likumbukirenso makolo awo amene anavutikawo.

Mayi Taubira anatenga dandaulo la pamsewuli n'kulisandutsa bilu. Inali bilu ya phungu payekha, mtundu wa bilu umene nthawi zambiri unkafera m'makomiti chifukwa nthawi imeneyo boma ndilo linkakonza ndandanda ya zokambirana. Assemblée nationale inaivomereza koyamba pa 18 Febuluwale 1999, kenako inayendayenda pakati pa zipinda ziwirizo kwa zaka zoposa ziwiri kufikira Sénat itaivomereza komaliza pa 10 Meyi 2001, ndipo inakhala lamulo pa 21 Meyi. Ndime yoyamba imati dziko la France likuvomereza kuti malonda a akapolo a panyanja ya Atlantic ndi ya Indian, pamodzi ndi ukapolo umene unachitika kuyambira zaka za m'ma 1400 pa anthu a ku Africa, eni nthaka a ku America, a ku Madagascar ndi a ku India, ndi mlandu wolakwira mtundu wonse wa anthu. Ndime yachiwiri imalamula kuti mbiri imeneyi ipatsidwe malo oyenera m'maphunziro a sukulu ndi m'kafukufuku. Kuyambira mu 2006, tsiku la 10 Meyi ndi tsiku lokumbukira ukapolo m'dziko lonselo.

Kutchulidwa kwa nyanja ya Indian kumatikhudza ife amene timalankhula Chichewa. Zilumba za Mauritius ndi Réunion zinali m'manja mwa Afalansa m'zaka za m'ma 1700, ndipo minda yawo inkafuna antchito ambiri. Mu 1776 Mfalansa wina wamalonda, Jean-Vincent Morice, anapangana ndi mfumu ya ku Kilwa kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse, ndipo zombo zina zinkakatenga anthu pachilumba cha Mozambique. Njira zamalonda zopita kumadoko awiriwa zinkachokera kumtunda, mpaka kumadera ozungulira nyanja ya Malawi, motero m'zolembedwa za kuzilumbazo mumapezeka akapolo otchedwa Amakua, Ayao ndi Amaravi. Pamene phungu wa ku South America ankawerenga ndime yoyamba ija mumzinda wa Paris, ankanenanso za abale athu amene anatengedwa kuno n'kukafera m'minda ya azungu pakati pa nyanja.

Lamuloli lili ndi malire ake, ndipo si bwino kuwabisa. M'bilu yoyambirira munali ndime yofuna kuti pakhale komiti yoona za chipukuta misozi, koma aphungu anaichotsa bilu isanafike m'nyumba, choncho dziko linavomereza mlandu popanda kuvomereza ngongole. Mu 2013 khothi lalikulu la apilo, Cour de cassation, linagamula kuti lamuloli ndi longovomereza mbiri, ndipo silingagwiritsidwe ntchito polanga munthu amene watamanda ukapolo. Akatswiri ena a mbiri yakale, kuphatikizapo Pierre Nora ndi Pierre Vidal-Naquet, anasainira chikalata mu Disembala 2005 chonena kuti si ntchito ya Nyumba ya Malamulo kulemba mbiri. Ena anadandaula kuti lamuloli silikunena bwino za malonda a akapolo a Aluya kapena za mafumu a mu Africa amene ankagulitsa anzawo. Ife amene tikudziwa zimene Jumbe anachita ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga sitingalinyoze dandaulo limeneli. Komabe ine ndikuona kuti phungu wa ku France ali ndi udindo woyamba wotchula mlandu wa dziko lake, ndipo mlandu wa ena uli ndi eni ake oyenera kuutchula.

Mu 2002 mayi Taubira anaimira chipani chaching'ono cha Parti radical de gauche pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, ndipo chisankhocho chinawasiyira chipsera chimene sichinapole. Ku France chisankho chimenechi chimachitika kawiri: ngati palibe wapeza mavoti oposa theka, awiri otsogola amakapikisana m'chigawo chachiwiri. Pa 21 Epulo 2002 anthu 16 anapikisana, ndipo mayi Taubira anapeza mavoti pafupifupi 660,000, omwe ndi 2.32 peresenti. Nduna yaikulu ya chipani cha Socialist, a Lionel Jospin, amene ambiri ankayembekezera kuti akumana ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Jacques Chirac, m'chigawo chachiwiri, anatsalira ndi mavoti osakwana 200,000 kumbuyo kwa a Jean-Marie Le Pen a chipani chodana ndi anthu obwera cha Front National. Masamu ake ndi osavuta, ndipo a Socialist ambiri analoza chala mayi Taubira kuti ndiwo anagawa mavoti. Koma masamu omwewo akusonyeza kuti a Jean-Pierre Chevènement, a Noël Mamère a chipani choteteza chilengedwe ndi a Robert Hue a chipani cha Communist, onse ochokera m'zipani zimene zinalamulira limodzi ndi a Jospin, aliyense anapeza mavoti ochuluka kuposa a mayiwa. Kusenzetsa munthu mmodzi mlandu wa mgwirizano wonse umene unagawanika n'kukondera.

Zaka khumi zotsatira anapitiriza kuvota monga mwa chikumbumtima chawo. Mu 2004 anakana lamulo loletsa zizindikiro zachipembedzo, monga mpango wa atsikana achisilamu, m'sukulu za boma, ngakhale aphungu ochuluka a mbali zonse analivomereza. Mu 2008 analemba lipoti limene mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Nicolas Sarkozy, anawapempha lokhudza mapangano a zamalonda pakati pa European Union ndi maiko a ku Africa, Caribbean ndi Pacific, gulu limene Malawi, Zambia ndi Mozambique alimo, ndipo anadzudzula kukakamiza maiko osauka kutsekula misika yawo mofulumira. Kwawo ku Guyane zinthu sizinawayendere chimodzimodzi, pakuti mu 2010 anagonja kwa a Rodolphe Alexandre pa chisankho cha utsogoleri wa chigawocho.

A Hollande atapambana mu Meyi 2012 anawasankha kukhala nduna ya zachilungamo, udindo umene Afalansa amautcha Garde des Sceaux, kutanthauza wosunga chidindo cha boma. Mosiyana ndi ku Malawi kumene phungu akhoza kukhala nduna akusungabe mpando wake, malamulo aakulu a dziko la France salola munthu kukhala nduna ndi phungu panthawi imodzi. Mayi Taubira sanaimenso pa chisankho cha aphungu cha chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo tsogolo lawo pandale linali m'manja mwa mtsogoleri amene anawasankha.

Ntchito imene inawatchukitsa padziko lonse inali bilu yolola ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, limene linali lonjezo la a Hollande pa kampeni. Owerenga ambiri a Chichewa sagwirizana ndi lamulo lotere, ndipo ku France nakonso linagawa dziko: pa 13 Januwale 2013 apolisi anawerengera anthu 340,000 pachionetsero chokana biluyo mumzinda wa Paris, pamene okonza chionetserocho anati anali ochuluka kwambiri kuposa pamenepo. Kuti mkanganowu umveke, tiyenera kudziwa kuti ku France ukwati umene boma limauzindikira ndi womangidwa pamaso pa meya ku ofesi ya khonsolo, ndipo mwambo wa kutchalitchi kapena kumzikiti ulibe mphamvu palamulo. Mfundo ya mayi Taubira inali yakuti ukwati wa boma ndi wa nzika zonse, pamene otsutsa ankada nkhawa makamaka ndi gawo lolola mabanja oterewa kulera ana mwalamulo. Zokambirana zinayamba pa 29 Januwale, otsutsa anabweretsa zosintha zoposa 5,000, ndipo aphungu ankakhala m'nyumbayo usana ndi usiku. Ndunayo inkayankha osayang'ana papepala, ikutchula ndime za malamulo ndi ndakatulo za olemba a kwawo zimene inaloweza pamtima, kotero kuti ngakhale aphungu ena otsutsa anavomereza luso lake. Biluyo inadutsa komaliza pa 23 Epulo ndi mavoti 331 kwa 225, ndipo inakhala lamulo pa 17 Meyi 2013.

Zimene zinatsatira sizinali mkangano wa mfundo ayi. Mu Okutobala 2013 zinadziwika kuti mayi wina woimira chipani cha Front National pa chisankho cha makhonsolo anaika pa Facebook chithunzi cha ndunayo pambali pa chithunzi cha nyani. Patapita masiku ochepa, ndunayo itafika mumzinda wa Angers, kamtsikana kena pakati pa ochita chionetsero kanakweza nthochi m'mwamba n'kumafuula kuti nyani adye nthochi yake, akuluakulu ataima pomwepo. Mwezi wotsatira nyuzipepala ya Minute inabwereza chipongwe chomwecho patsamba loyamba, ndipo khothi linailipiritsa chindapusa. Mayi Taubira anauza atolankhani kuti chimene chinawadabwitsa koposa chinali kuchedwa kwa anthu olemekezeka kudzudzula mchitidwewu. Munthu akhoza kutsutsa lamulo la ukwatilo ndi mtima wake wonse, koma kutcha nduna yachikuda nyani ndi maganizo omwe aja amene ankalola kugulitsa anthu pamsika, amene mayiwa anali atawatchula kuti ndi mlandu zaka 12 m'mbuyomo.

Pa nkhani ya ndende ndi pamene ntchito yawo inakumana ndi zokhoma zenizeni. Ndende za ku France zinali ndi akaidi pafupifupi 67,000 m'malo okwanira anthu pafupifupi 57,000, ndipo ndunayo inkakhulupirira kuti kutsekera munthu miyezi yochepa pa mlandu waung'ono kumangomutayitsa ntchito ndi nyumba, n'kumubweza kumudzi ali woipirapo. Lamulo la pa 15 Ogasiti 2014 linathetsa zilango zokhazikitsidwiratu za obwereza milandu, zimene boma la a Sarkozy linayambitsa mu 2007, ndipo linabweretsa chilango chatsopano chotchedwa contrainte pénale, chogwira wolakwa ali kunja kwa ndende koma akuyang'aniridwa ndi kukakamizidwa kutsata zimene khothi lalamula. A kumanja anati ndunayo ikulekerera zigawenga, ndipo m'boma momwemo nduna ya zam'dziko, a Manuel Valls, inalembera a Hollande kalata yotsutsa biluyo. Oweruza sanachigwiritse ntchito kwambiri chilango chatsopanocho, mwa zina chifukwa oyang'anira olakwa anali ochepa, ndipo lamulo la 2019 linachichotsa. Zimene zinakhalitsa ndi zina zosatchuka kwenikweni: lamulo la 2013 loletsa nduna kulamula oimira boma pa milandu zoyenera kuchita pa mlandu wa munthu wina wake, ndi ofesi yapadera yozenga milandu ya katangale ndi kuzemba misonkho imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka chomwecho. Anapunthwanso mu Malichi 2014 pamene ananena kuti sankadziwa zoti ofufuza akumvetsera mafoni a a Sarkozy, koma makalata amene anaonetsa atolankhani podziteteza anasonyeza kuti ofesi yawo inali itadziwitsidwa.

Kusiyana kwawo ndi boma kunafika pachimake zigawenga zitapha anthu 130 mumzinda wa Paris pa 13 Novembala 2015. Patapita masiku atatu a Hollande anauza aphungu a zipinda zonse ziwiri ku Versailles kuti akufuna kusintha malamulo aakulu a dziko, kuti munthu wa unzika wa maiko awiri akapezeka wolakwa pa uchigawenga azilandidwa unzika wa France, ngakhale atakhala kuti anabadwa ali Mfalansa. Vuto lake linali lakuti munthu wa unzika umodzi sangalandidwe chifukwa angatsale wopanda dziko, choncho chilangocho chikanagwera okhawo amene ali ndi unzika wachiwiri, ambiri mwa iwo ana a anthu ochokera ku Algeria, Morocco, Tunisia ndi maiko ena a mu Africa. Mayi Taubira anaona kuti zimenezi zikanaika m'malamulo aakulu magulu awiri a nzika, ndiponso sizikanaopseza munthu amene wakonzeka kale kudziphulitsa. Mu Disembala anauza wailesi ya ku Algeria kuti ganizoli lasiyidwa, koma nduna zitakumana pa 23 Disembala linapezeka likadali m'bilu. Anapirira mwezi wina umodzi, anthu akuwafunsa chimene akukhalirabe m'boma limene sakugwirizana nalo, kenako anachoka, n'kulemba pa Twitter kuti nthawi zina kukana ndi kukhala, nthawi zina kukana ndi kuchoka. Zipinda ziwirizo zinalephera kugwirizana pa mawu a biluyo, a Hollande anaisiya pa 30 Malichi 2016, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, polengeza kuti saimanso pa chisankho, anati ganizo limenelo ndi chinthu chimodzi chimene akunong'oneza nacho bondo.

Anayesanso mpando wa mtsogoleri wa dziko mu 2022, akunena kuti akufuna kugwirizanitsa zipani za kumanzere zimene zinali zitabalalika. Pa 30 Januwale anapambana chisankho chachipulula cha pa intaneti chotchedwa Primaire populaire, chimene anthu pafupifupi 390,000 anavotapo, koma opikisana ena a kumanzere, a Jean-Luc Mélenchon, a Yannick Jadot ndi mayi Anne Hidalgo, anali atanena kale kuti zotsatira zake sadzazilemekeza. Apa ndi pamene kusowa chipani kunaonekera poyera. Kuti dzina la munthu lilembedwe pa pepala lovotera ku France, ayenera kusainiridwa ndi osankhidwa 500, monga mameya, aphungu ndi makhansala a zigawo, ndipo siginecha zoterezi zimatoleredwa ndi anthu a chipani oyenda mudzi ndi mudzi. Chipani cha Parti radical de gauche chinawasiya mu Febuluwale, ndipo pa 2 Malichi anatuluka mumpikisano ali ndi siginecha 181 zokha. Chisankho chitayandikira anapempha owatsatira kuti avotere a Mélenchon, amene pa 10 Epulo anatsalira ndi mavoti pafupifupi 420,000 kumbuyo kwa mayi Marine Le Pen, mwana wa a Jean-Marie Le Pen, ndipo chigawo chachiwiri chinachitikanso popanda woimira kumanzere.